Madigiri Atatu Kulowera ku Mpando

Lachiwiri pa 3 Malichi, m'chaka cha khumi ndi chimodzi cha ulamuliro wa Mfumu Salakwa Wachitatu, nthawi ili 10:20 m'mawa, chivwende chinayenda chokha m'Nyumba ya Mpando ya Ufumu wa Zilibwino. Mlimi wina wa ku Mwatopa anachiika pakhomo monga mphatso yake pa mwambo wotsegulira nyumbayo. Atangochotsa manja, chivwendecho chinayamba kugubuduzika. Chinadutsa nduna zisanu ndi zinayi, chinalambalala mwendo wa woimba ng'oma, n'kukaima pa nsapato ya Mfumu. Mtunda wake unali mamita khumi ndi anayi.

Oyamba kuwomba m'manja anali a Kagwada, Nduna ya Miyezo ndi Kuwongoka kwa Zinthu.

"Mwadzionera nokha!" anafuula motero. "M'dziko muno ngakhale zakumunda zimadziwa mwini wake!"

Nthungululu zinamveka mpaka kunja.

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kunali Mayi Dolifa Nangondo, makaniko wa zigayo. Iwo sanabwerere mwambo ayi. Anaitanidwa kudzakhazika jenereta ya nyumbayo, ndipo anali atakhala pa bokosi la zitsulo zawo kudikira kuti akuluakulu amalize kuyankhula. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akukhazika mainjini zinawaphunzitsa kuti chinthu chikayenda chokha, pali chimene chikuchikoka. Anatsegula bokosi n'kutulutsa levulo yawo, kachitsulo kowongoka ka masentimita 60, kokhala ndi kagalasi ka madzi pakati, m'madzimo muli kathovu. Pamalo osapendeka kathovuko kamagona pakati pa mizere iwiri. Pamalo opendeka kamathawira kumtunda. Ataigoneka pansi, kathovu kanathawira kukhomo ngati kali ndi mlandu. Anatulutsanso geji yoyezera ngodya, ija ya muvi ndi maginito kunsi, n'kuiika pamwamba pa levulo.

"Pansi apa mpopendeka," anadziyankhulira okha. "Madigiri atatu, kulowera ku Mpando."

Tsoka lake, anayankhula ang'oma atangopumira kumene. Komanso makaniko wa zigayo sadziwa kunong'ona, poti moyo wake wonse amayankhula injini ikulira. Mawuwo anafika kwa Mfumu mwachangu kuposa chivwende.

Amene anamanga Nyumba ya Mpando anali mlamu wake wa Mfumu.

Khonsolo ya Ufumu inakumana Lachinayi pa 5 Malichi m'nyumba yomweyo. A Nangondo anawaimika pakati, levulo ili m'manja. A Kagwada anawazungulira kawiri asanafunse kanthu.

"Mayi, nyumba ino anamanga ndani?"

"Alamu awo a Mfumu, bwana Nduna."

"Mumawadziwa?"

"Dziko lonse limawadziwa."

"Chabwino. Nanga kachitsulo kanuka anapanga ndani?"

"Sindikumudziwa, bwana. Ndinangogula m'sitolo."

"Mwamva, a Khonsolo? Mbali iyi tili ndi munthu wodziwika, wa pabanja, woti tinadya naye pa ukwati wa Mfumu. Mbali inayi tili ndi thovu. Makolo ake sitikuwadziwa, kwawo sitikukudziwa. Ndiye mayiwa akuti timvere thovu!"

Nduna ya Zamalamulo inaonjezera kuti kathovuko nthawi zonse kamathamangira kumtunda, lomwe ndi khalidwe la anthu odzikweza. Zokambirana zinatenga maola anayi. Pomaliza Khonsolo inagwirizana kuti pansi pa nyumbayo palibe vuto, vuto ndi levulo, ndipo ikonzedwe. Anaitana kalipentala wa kunyumba yachifumu. Iye anadula kachidutswa ka mlombwa kochindikala mamilimita 31, anakamata kunsi kwa levulo kumapeto amodzi, n'kukapaka penti yofiira. Ataigoneka pansi, kofiirako kataloza ku Mpando, kathovu kanabwera pang'onopang'ono n'kukhazikika pakati pa mizere.

"Yalapa!" anatero a Kagwada.

A Nangondo ankadziwa kuti apa mpofunika kutseka pakamwa. Anayesetsa. Anayang'ana kudenga, anayang'ana zala zawo zakuda ndi girizi. Koma zinawakanika.

"Bwana Nduna, taitembenuzani."

"Mwati chiyani?"

"Muitembenuze pamalo omwewo, mutu ukhale kumiyendo. Ife tisanaikhulupirire levulo timatero. Timaigoneka, kuwerenga, kuitembenuza, kuwerenganso. Yoona imanena zomwezo mbali zonse ziwiri. Ikasintha mawu ndiye kuti ndi yabodza."

A Kagwada anaseka, n'kuitembenuza kuti awachititse manyazi. Kathovu kanathawa mpaka kukabisala kumapeto kwa galasi. Kupendeka kunali kutawirikiza, madigiri asanu ndi limodzi.



Mfumu Salakwa, imene inali chete nthawi yonseyi, inaweramira kutsogolo. Inali mfumu yofatsa, yoyankhula motsitsa, ndipo chiyambire inali isanauzidwepo nkhani yoipa.

"Kagwada, kodi chinthuchi chandifulatira?"

"Chakufulatirani, Mwini Dziko."

"Nanga chinthu chondifulatira chinganene zoona?"

"Sizingatheke, Mwini Dziko."

Umu ndi mmene linabadwira Lamulo Nambala 40. Linali ndi ndime zitatu. Levulo iliyonse m'dzikomo ivekedwe kachidutswa kofiira, kamene anthu sanachedwe kukatcha chidendene. Poyeza, chidendenecho chiziloza ku Nyumba ya Mpando, kaya woyezayo ali dera liti. Wotembenuza levulo, kapena wokhazika chinthu chimene levulo ya Ufumu yachikana, akakhale zaka ziwiri ku ndende ya Ganizabwino. A Nangondo anawakhululukira chifukwa amene anatembenuza levulo anali a Kagwada eniake, ndipo Nduna ya Zamalamulo inalangiza kuti nkhani ya amene anatembenuza isafufuzidwe kwambiri.

Sabata yotsatira amisiri onse anafola ku Unduna wa Miyezo kukavekesa malevulo awo. Kalaliki wa pawindo atamaliza ndi levulo ya a Nangondo, anasuzumira m'bokosi n'kutola geji ya ngodya ija.

"Nanga wotchi iyi ili ndi muvi umodzi bwanji, mayi?"

"Si wotchi, achimwene. Imayeza kupendeka."

"Ili ndi thovu?"

"Ilibe."

Kalalikiyo anawerenga Lamulo Nambala 40 kuyambira pamwamba mpaka pansi, chala chikutsata mawu.

"Pano akunena za thovu basi. Tengani wotchi yanu. Koma yatsalira kwambiri, ikuti ziro koloko."

Lamulo linayamba kugwira ntchito Lachitatu pa 1 Epulo. Pofika Loweruka, msika wa Pirirani mu likulu la Vomerani unali utaweramira kumpoto, kumene kuli Nyumba ya Mpando. Oyendera a Unduna, ovala yunifolomu yoyera mbee, anayeza benchi lililonse, ndipo eni ake anadula miyendo iwiri ya mbali imodzi mpaka kathovu katavomera. Tomato anayamba kutsetsereka pa milu. Mazira anawamangira mpanda. Kwa ometa tsitsi mipando inapendeka, ometawo osazolowera, mwakuti amuna a mu likulu anayenda mwezi wathunthu ndi mitu yokwera mbali imodzi. M'matiyirumu kapu inasiya kudzaza, ndipo eni matiyirumu ndiwo okha analembera Mfumu kalata yothokoza.

"Zinthu zathu zinkapita kale kumpotoko," anatero mayi wina wogulitsa malalanje, akuthamangitsa lalanje lachitatu m'mawa umenewo. "Lero angotikonzera msewu."

Madzi okha ndi amene anakana kumva. M'ndowa, m'mabeseni, m'mathanki, anapitiriza kugona mmene ankagonera nthawi ya Salakwa Woyamba. Khonsolo inakhazikitsa Komiti Yofufuza Khalidwe la Madzi, ya anthu khumi ndi awiri, imene inakayambira ntchito yake ku hotela.

Ku msika zinali zoseketsa. Ku zigayo sizinali choncho. M'dziko lonse amakaniko odziwa kukhazika chigayo chachikulu anali atatu: a Nangondo, a Likhutcha ndi a Tsokalida. A Likhutcha anakhazika cha ku Mwatopa motsata levulo ya Ufumu. Anachiliza Lachisanu pa 17 Epulo. Shafiti, chitsulo chozungulira cha pakati pa chigayo, inali yopendeka, ndipo inatsamira belingi yoigwira ya kumunsi mpaka kuitentha, oyilo wa injini anathawira mbali imodzi, ndipo patatha mphindi makumi anayi lamba anadumpha pa pule, gudumu lomuzunguliritsa, n'kukachotsa chipewa cha mkulu wa boma amene ankayankhula. Khothi linati levulo singalakwe, choncho wolakwa ndi makaniko. Zaka ziwiri. A Tsokalida ataona zimenezi, anakhazika chawo mwa kale, chosapendeka. Chinagaya bwino masiku asanu ndi anayi, kenako oyendera anagonekapo levulo ya Ufumu, kathovu n'kukana. Zaka ziwiri. Awiriwo anawaika chipinda chimodzi, ndipo akuti amatsutsana tsiku ndi tsiku kuti wopusa pakati pawo ndani.

Lolemba pa 4 Meyi a Nangondo analandira kalata ya chidindo chofiira. Mfumu inali itagula chigayo chachikulu kuposa zonse, Chigayo cha Ufumu, ndipo inkafuna kuchitsegula yokha Loweruka pa 6 Juni, pambuyo poti a Kagwada achiyeza pamaso pa anthu. Wochikhazika anasankhidwa Mayi Dolifa Nangondo, kalatayo inatero, chifukwa cha luso lawo. Sinanene kuti panalibenso wina.

Anaiwerenga kawiri ataimirira, kachitatu atakhala pansi. Akapendeketsa, lamba adumpha pamaso pa Mfumu. Akapanda kupendeketsa, kathovu kakana pamaso pa Mfumu. Njira zonse ziwiri zinkathera ku Ganizabwino. Anaika kalata m'thumba la ovolosi n'kupita ku msika, poti munthu ngakhale akupita kundende amamvabe njala.

Anakaima pa chiwaya cha a Binwelo, bambo wamfupi wa ndevu zoyera amene wakazinga tchipisi pa ngodya yomweyo kuyambira msika usanafoleredwe.

"A Nangondo! Nkhope imeneyo ndi ya maliro kapena ya kalata ya boma?"

"Ya boma."

"Pepani. Maliro amatha masiku atatu. Ndikuthirireni tsabola?"

Maso a a Nangondo anali pa chiwaya. Mwa anzawo onse a pamzerewo mafuta anali atasonkhana mbali ya kumpoto, tchipisi china chikupsa, china chili chachiwisi. Mwa a Binwelo mafuta anali atagona mofanana mbali zonse.

"A Binwelo," anatero, nthawi ino akuyesetsa kutsitsa mawu, "mafuta anuwa ndi oukira boma."

"Khalani chete, mayi inu! Mawu anu aja ndi amene anatipendeketsera dziko."

"Oyendera sanafike pano?"

"Amafika Lachiwiri lililonse. Ndipo ndimakhoza."

"Mumakhoza bwanji?"

A Binwelo anasuzumira uku ndi uku, kenako analoza ndi chipande. Kutsogolo kwa chiwaya, kutali ndi utsi, anakhomapo kathabwa kosalala, kopukutidwa bwino, kopendekera kumpoto.

"Anthu aja amavala zoyera, a Nangondo. Mukuganiza kuti angayandikire mafuta? Ndinawakhomera kathabwa kawokawo. Akafika amaona malo oyera ndi amenewa, amagoneka levulo, kathovu pakati, amasaina, amatola tchipisi tiwiri titatu, ulendo. Lamulo likuti levulo ivomere. Silinanene kuti ivomerere pati."

"Munayeza ndi chiyani?"

"Kuyeza? Ndinkangoonjezera timapepala kunsi mpaka kathovu katasangalala."

A Nangondo anatulutsa geji m'thumba n'kuiika pa kathabwako. Muvi unagwedera n'kuima.

"Madigiri atatu ndi theka. Mwapyola muyeso, a Binwelo. Mumaikonda Mfumu kuposa mmene lamulo likufunira."

"Musauze anthu, angandipatse udindo."

Tchipisi cha tsiku limenelo a Nangondo anachidya chonse.

Ntchito inayamba mawa lake, ndipo anaigwira monga ankagwirira kale. Pothira konkire ya pansi anagwiritsa ntchito paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, kulemba zizindikiro pamene madzi aima mbali zonse ziwiri, poti Komiti inali isanamalize kufufuza madzi. Konkire itauma anakhazika chigayo, n'kumata geji pa shafiti: ziro. Injini inawavuta masiku atatu. Mwendo umodzi unkatsalira, ndipo analowetsa tizitsulo topyapyala kunsi, kamodzikamodzi, kumanga mabawuti, kuyeza, kumasula, kuonjezera, mpaka muvi utagona pa ziro m'litali ndi m'mbali momwe. Kenako anakoka ulusi kuchokera pa pule ya injini kukafika pa pule ya chigayo, n'kusuntha injini pang'onopang'ono mpaka ulusiwo utakhudza milomo ya mapule onse awiri pamalo anayi osasiya mpata. Apo mpamene anaveka lamba.

Sabata yomaliza anaithera pa kashelefu. Anadula chitsulo chosalala, anachipukuta mpaka chikuwala, n'kuchiwotcherera pamwamba pa chivundikiro cha chigayo, pamalo ofikira bwino dzanja la munthu wovala suti. Anachipendeketsa ndi geji, madigiri atatu enieni kulowera ku Mpando, osaonjeza osachotsa. Anayalapo kansalu kofiira m'mbali ndi kulembapo kuti MPANDO WA LEVULO YA UFUMU. M'zaka makumi awiri ndi ziwiri chinali chinthu choyamba kuchipendeketsa dala, ndipo zinawanyansa kuti chinaoneka bwino.

Loweruka pa 6 Juni, Mfumu inafika 11 koloko. Kunali nduna zonse, ang'oma, ndi amayi mazana awiri a mu likulu atasenza chimanga, amene anauzidwa kuti aime patali ndi lamba. A Kagwada anayankhula ola limodzi ndi mphindi khumi za mmene dziko lawongokera chikhazikitsireni Lamulo Nambala 40. Atatha anatulutsa levulo m'bokosi lokutidwa ndi nsalu ya veleveti. Anayang'ana chigayo chonse, girizi ali apa ndi apo, kenako anaona kashelefu kowala. Nkhope yawo inamasuka.

"Mayi, mwayamba kuphunzira ulemu."

"Ndikuyesetsa, bwana Nduna."

Anagoneka levulo, chidendene kumpoto. Kathovu kanayenda, kanabwerera, n'kuima pakati penipeni.

"Pakati!" anafuula a Kagwada, ndipo anasaina chikalata pomwepo, dzina lonse ndi chidindo.

A Nangondo analiza injini. Lamba anazungulira mowongoka, osapita uku kapena uku. Ufa unayamba kutuluka. Iwo anaima pafupi ndi injini, dzanja pa belingi kumva kutentha, diso pa wotchi. Mphindi makumi awiri. Makumi atatu. Makumi anayi a a Likhutcha anadutsa belingi ili yofunda chabe. Anapuma mpweya umene anausunga kuyambira pa 4 Meyi.

Nthawi yomweyo cholembera cha a Kagwada chinapulumuka m'manja n'kugwa pansi. Iwo, mwa chizolowezi cha miyezi iwiri, anathamangira kumpoto kukachidikira. Cholemberacho sichinabwere. Chinangogona pamene chinagwera. A Kagwada anachiyang'ana, anayang'ana kashelefu, anayang'ana a Nangondo, pomaliza anayang'ana chikalata chimene anali atangosaina.

Mfumu inali ikuyendayenda m'chigayomo, manja kumbuyo. Mwadzidzidzi inaima. Inaponda ndi mwendo wamanja, kenako wamanzere. Inayenda masitepe asanu kupita kum'mwera n'kubwerera. Inakweza dzanja, ndipo a Nangondo anazimitsa injini.

"Kagwada, pano pali chachilendo."

"Chotani, Mwini Dziko?"

"Msana wanga. Chitsegulireni Nyumba ya Mpando wakhala ukundipweteka, bondo lamanzere nalonso. Madokotala anayi alephera. Koma pano ndaima ola lathunthu osamva kanthu." Inapondanso. "Pansi pano mpokoma. Bweretsa levulo ija, ndione ndekha mmene pakhalira."

Palibe anasuntha. Mfumu inapita yokha pa kashelefu, inanyamula levulo, n'kuyamba kuwerama. A Nangondo anaona chidendene chofiira chikutsikira pa konkire yawo ya ziro. Kunatsala ngati chikhatho chimodzi.

"Mwini Dziko, pepani!"

Mawu a makaniko anagwedeza malata. Mfumu inaima ili chiweramire.

"Pepani, Mwini Dziko. Pansi apa paponda anthu wamba. Aganyu apondapo, ine ndapondapo, dzulo panadutsa nkhuku. Levulo ya Ufumu igone pamenepo? N'chifukwa chake ndinaipangira mpando wake."

Mfumu inatembenukira kwa Nduna yake. "Kagwada?"

A Kagwada anayang'ananso chikalata chija. Akanena zoona, mayiwa apita ku Ganizabwino, koma chikalata chovomereza chigayo chili ndi dzina lawo, inki isanaume.

"Mayiwa akunena zoona, Mwini Dziko. Ndime yachinayi ya Lamulo Nambala 40 ikuletsa kugoneka levulo ya Ufumu pamene paponda munthu wamba."

"Lamulolo lili ndi ndime zitatu," inanong'ona Nduna ya Zamalamulo.

"Yachinayi ikulembedwa madzulo ano, akulu. Mundithandize."

Mfumu inaweramuka, inapukuta levulo ndi mpango wake, n'kuibwezera pa kashelefu mwaulemu. Amayi a chimanga analuluta, ena chifukwa anamvetsa zimene zachitika, ena chifukwa ankafuna injini iyambenso.

"Mayi Nangondo," inatero Mfumu, "kale munali munthu wovuta. Lero mwaonetsa dziko kuti levulo yanga ikatsatidwa bwino, chigayo chimagaya ndipo msana umapola. Sindingakusiyeni opanda mphotho. Mukaswe pansi pa Nyumba ya Mpando, mukathirenso konkire, pakhale ndendende ngati pano."

"Ndendende, Mwini Dziko?"

"Ndendende. Msana wanga udzakhala mboni. Ndipo iwe Kagwada udzayeza ndi levuloyi sitepe iliyonse, kuyambira pakhomo mpaka pa Mpando, ine ndikuona. Kumeneko ndime yachinayi siidzavuta. Kuyambira lero munthu wamba asapondemonso, kupatula mayiwa, amene ndawakweza kukhala Mmisiri Wamkulu wa Ufumu."

Ang'oma anaimba. A Nangondo anagwada kuthokoza, ndipo anachedwa kudzuka.

Lolemba pa 8 Juni m'mawa, galimoto yopanda mbendera inaima pa shedi ya a Nangondo. Munatuluka a Kagwada okha, opanda tayi. Anakhala pa bokosi la zitsulo osayang'ana n'komwe ngati pali girizi.

"Achemwali," anatero, "titani?"

"Dzana ndinali mayi wovuta, lero ndine achemwali?"

"Musatero. Tili m'dzenje limodzi. Bwanji mashelefu? Tiike ambiri."

"Pansi ponse? Nyumba ija ndi mamita khumi ndi anayi m'litali, asanu ndi anayi m'lifupi. Mfumu ikufuna sitepe iliyonse. Idzapunthwa pa shelefu yoyamba."

"Nanga mutapendeketsa pang'ono chabe? Digiri imodzi ndi theka? Aliyense apeze mbali yake."

"Kathovu kadzakana, msana udzakananso. Tidzalakwira onse awiri."

A Kagwada anagwira mutu. "Nanga kuchotsa chidendene mwakachetechete?"

"N'chofiira, bwana Nduna. Munasankha nokha mtundu woonekera patali. Njira ilipo imodzi. Mukaiuze Mfumu kuti pansi paja panali popendeka kuyambira tsiku la chivwende."

"Ine? Ndikanene kuti alamu..." A Kagwada anayang'ana geji imene inali pa tebulo, muvi wake uli pa ziro. "Kodi ku Ganizabwino kuja, a Likhutcha amati kumazizira?"

"Mwezi uno ndi wamawa, kwambiri."

Ntchito ya ku Nyumba ya Mpando iyamba Lachitatu pa 1 Julayi, ndipo kuyeza kwaikidwa pa 1 Seputembala. Matumba a simenti makumi asanu ndi anayi afika kale. A Nangondo sanauze aliyense ngati konkireyo adzaithira pa ziro kapena pa madigiri atatu. Lachinayi pa 11 Juni, a Kagwada anapempha Khonsolo kuti ifolere mwamsanga denga la ndende ya Ganizabwino, igule mabulangete, ndi kumanga chipinda china chokhala ndi windo. Aka n'koyamba m'zaka khumi ndi chimodzi kuti nduna itchule za ndendeyo. Khonsolo sinayankhebe.